Tsiku Limene Namzeze Anasungiza Bambo Ake

1. Malo adzaza

Namzeze linali dzina la pa gemu, koma linamukakamira mpaka aphunzitsi ena anayamba kumuitana choncho. Anali mtsikana wa ku sekondale, wochepa thupi, wosakhazikika. Mukamupatsa tsache, manja ake ankalemera ngati anyamula matumba a simenti. Koma mukamupatsa foni, aa, zala zija zinkauluka.

Foniyo sinali yake. Inali ya malemu bambo ake, amene ankayendetsa malole a mtunda wautali. Ali moyo ankakonda kudzijambula mavidiyo pa ulendo, akudandaula za maenje a mumsewu, akuimba nyimbo mosokoneza mawu, akufunsa ngati mwana wawo wapita ku sukulu. Iwo atamwalira, foni ya mayi ake a Namzeze inagwera m'madzi ochapira ndipo zonse zimene zinali m'menemo zinapita. Mavidiyo aja anatsala m'foni imodzi yokhayi, kwina kulikonse kunalibe.

Loweruka lililonse mayiwo akaweruka ku fakitale yosoka zovala, ankavula nsapato, kukhala pampando wa pakona, n'kuonera vidiyo imodzi. Nthawi zina ankaseka, nthawi zina ankalira, koma sankaphonya.

M'mawa wa Loweruka limene tikunenali, anaima pakhomo chikwama chili m'manja.

"Tamvera kuno, mwana wanga," anatero. "Foni iyi ndimakusiyira chifukwa cha sukulu. Za magemu akozo ndimangotsinzina dala, usaone ngati sindidziwa. Sewera, bola ntchito ya pakhomo ithe. Koma m'menemo muli bambo ako. Mpando ukathyoka tikhoma wina, mbale ikasweka tigula ina, koma mawu a munthu amene anatisiya sagulitsa pamsika. Ine ndikangomva kutsokomola kwawo kuja asanayambe kuyankhula, sabata yonse ndimaisenza bwinobwino. Usabwereke munthu foniyi, usaiike pafupi ndi madzi, ndipo usakhudze zimene si zako. Wandimva?"

"Ndamva, Amayi," anayankha Namzeze, maso ali pa foni.

Chitseko chitangotsekeka, anatsuka mbale mothamanga, zina n'kuzisiya ndi thovu, kenako anadziponya pabedi.

Gemu imene inamudya mutu ana ankangoitcha Mkuntho. Inali yaulere. Munthu umangoiika m'foni, kulowa pa intaneti, n'kuyamba kulimbana ndi anthu amene sunawaonepo. Matimu a anthu anayi amaponyedwa mumzinda wogumuka, mkuntho ukubwera kuchokera mbali zonse, ndipo timu imene yatsala ndiyo yapambana. Teremu yonse Namzeze ndi anzake anakhala akukwera, ndipo masana a tsikuli kunali fainolo. Mphoto yake inali jekete lagolide loti kamunthu ka m'gemumo kazivala. Jekete loti ngakhale kuzizire bwanji simungalifunde, abale!

Atatsegula gemuyo, sikirini inamulembera kuti pali apudeti yaikulu yoti aiike m'foni, ndipo wopanda apudetiyo salowa fainolo. Pansi pake panali mawu ofiira onena kuti malo a m'foni adzaza.

"Ayi, ayi, osati lero!" anakuwa yekha m'nyumba.

Anafufuta nyimbo zake zonse. Anafufuta zithunzi za anzake a m'kalasi. Anafufuta ndi dikishonale ya sukulu yomwe, osaphethira n'komwe. Atayesanso, mawu ofiira aja anali pomwepo. Anachoka kuchipinda kupita pabalaza, kuchoka pabalaza kubwerera kuchipinda, akugwedeza foni ngati kuti malo ena agwamo. Chinthu chachikulu chimene chinatsala m'foni monsemo chinali foda ya mavidiyo a bambo ake.

Kenako panalowa uthenga wochokera kwa Chigubu, kapitawo wa timu yawo: "Uli kuti iwe? Popanda iwe tafa. Fulumira."

2. Pa shopu ya amalume

Malume ake a Namzeze, mlongo wawo wa mayi ake, anali ndi kashopu kokonza mafoni pansi pa masitepe a nyumba yosanja. Munali mopanikiza, monunkha waya wopsa. Patebulo panali timasikuluwu, galasi lokulitsa zinthu ndi mafoni otsegulidwa mimba. Pashelefu, pamwamba pa mabokosi a matchaja, panali konsolo yakale yosewerera magemu a makaseti, yachita fumbi.

Namzeze anafika ali wefuwefu.

"Amalume, ndithandizeni memori khadi, chonde."

Iwo anailandira foniyo n'kuitembenuza. "Iyi ndi ya alamu anga. Polowetsa khadi panathyoka kalekale, ndine ndinamatapo. Khadi silowa."

"Ndiye koperani mavidiyo a Ababa mukompyuta yanuyo, ndipeze malo."

"Kompyuta ikudzutsa foni ya kasitomala. Ndikaidula panjira, foni ya mwiniwake ifa. Siya foniyo pano, madzulo ndikopera mofatsa."

"Madzulo fainolo ikhala itatha!"

Amalume anavula magalasi n'kumuyang'ana. Mtsikanayo ankapondaponda pansi ngati waima pa nyerere.

"Khala pansi, mphwanga, ukundizunguza mutu," anatero. "Ukuiona konsolo iyo? Ine ndinasewera magemu iwe usanabadwe, ndiye usandione ngati nkhalamba yodana ndi zosangalatsa. Nthawi yathu gemu unkaigula kamodzi, kaseti n'kukhala yako. Ukatopa unkazimitsa, mawa n'kuipeza pamene unaisiya. Inkakudikira. Izi zanuzi sizidikira munthu, zimafuna munthu ndiye azithamangira izo. Mumati n'zaulere. Nyambo ya pambedza nayonso ndi yaulere, nsomba silipira kanthu. Lero akufuna malo m'foni, mawa nthawi ya homuweki, mkuja tulo tako. Sakulanda, ayi. Umapereka wekha, ukuthamanga, ukuthokozanso. Amadziwa kuti munthu wothamanga saganiza, n'chifukwa chake amakuikirani wotchi pa sikirini.

"Pa tebulo ili pafika anthu akuluakulu, ovala mataye, akugwetsa misozi chifukwa cha zithunzi za ana awo. Ena ndimawathandiza, ambiri ndimalephera. Madzi akatayika saoleka. Fainolo idzabwera ina, mwinanso mwezi wamawa womwewu. Alamu anga sadzajambulanso vidiyo ina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Dikira madzulo."

Namzeze anagwedeza mutu ngati wamva. Foni inanjenjemeranso m'manja mwake. Anali Chigubu.

Nthawi yomweyo panafika mayi wina ndi foni yosweka galasi. Amalume anatembenuka kuti amulandire, ndipo pamene ankacheuka, pampando paja panalibe munthu.

3. Kusungiza

Osewera Mkuntho ankasonkhana pakhonde la kuseri kwa laibulale, pamene wayifayi inkatulukira pawindo. Ankandanda m'mbali mwa khoma, misana ili kukhoma, mitu ili pansi. Munthu wodutsa akanaganiza kuti pali maliro, chikhala kuti sankakuwa.

Pakhonde limeneli panali chizolowezi chimene ankachitcha kusungiza. Malo akakuthera m'foni, unkatumiza katundu wako m'foni ya mnzako, n'kudzatenga gemu ikatha. Katunduyo nthawi zonse ankakhala mafilimu a karate ndi mavidiyo a nyimbo, zinthu zoti zikasowa umakazitenganso kwa wina. Choncho panalinso lamulo lake. Wosunga naye akapanikizika ankafufuta za mnzake osafunsa, ndipo palibe ankakwiya. Namzeze lamuloli ankalidziwa bwino. Iye mwini anafufutapo mafilimu a anzake kangapo konse.

Chigubu anali mnyamata wamkulu thupi, wa mawu ngati wailesi ya m'basi. Foni yake inali yamakono, yosiyiridwa ndi mkulu wake, ndipo mahedifoni sankachoka m'makutu mwake.

"Wafika mfumukazi!" anakuwa. "Tinayamba kale kukulira. Apudeti wapanga?"

"Malo andithera. Ndisungire katundu."

"Ponya."

Namzeze anagunditsa mafoni awiriwo n'kuyamba kutumiza. Kamzere ka pa sikirini kankayenda ngati kamba. Iye anaimirira, anakhala, anaimiriranso, akuluma chikhadabo.

"Iwe Chigubu, izi si mafilimu, wamva? Usakhudze."

"Eya, eya," anatero Chigubu, akugwedeza mutu motsatira phokoso la m'mahedifoni. Sanamve kanthu.

Akanamuvula mahedifoniwo n'kumuuza poyera kuti m'menemo muli malemu bambo ake, nkhani ino bwenzi ikuthera pompa. Koma pakhondepo panali anyamata ambiri, ena a matimu ena, onse akuseka ndi kunyozana. Namzeze anachita manyazi kutchula maliro pakati pa phokoso lotere. Manyazi amenewa ndi amene ndimadana nawo ine, chifukwa amabwera pamene sakufunika.

Kutumiza kutatha, anatenga foni ya Chigubu kuti atsimikize. Foda inali itafika. Anatsegula vidiyo imodzi, ndipo bambo ake anatulukira, chipewa chili chopendekeka, dzanja lili pa chiwongolero, akuseka. Anaitseka msangamsanga wina asanaone.

Ndiye anabwerera pa foni yake. Sikirini inamufunsa ngati akufunadi kufufuta foda yonse. Chala chija, chimene sichinkazengereza pa chilichonse, chinaima m'malere.

"Namzeze, akutseka khomo la fainolo!" anakuwa mnzawo wina wa m'timu. "Ukudikira basi kapena?"

"Ndidzabweza tikamaliza," anatero Namzeze chapansipansi, ndipo anadina.

Apudeti inalowa bwinobwino, ngati munthu wolowa m'nyumba yosesedwa.

4. Mkuntho

Tisaname, mtsikanayu ankadziwa kusewera. Gawo loyamba anadutsa ngati akupita kukagula sopo. Gawo lachiwiri timu yawo inatsala pang'ono kugwa, koma Namzeze anakwera padenga la sitolo yogumuka n'kupulumutsa anzake awiri. Ana a matimu amene anatuluka anayamba kuunjikana kumbuyo kwake, akupumira m'khosi mwake.

"Kumanzere, kumanzere!"

"Musandiphunzitse, ndamuona kale!"

Gawo lomaliza lisanayambe, gemu inaimanso. Inati fainolo ichitikira pa mapu atsopano, ndipo aliyense awatsitse pompo. Khonde lonse linabuula. Kwa Namzeze mapuwo analowa mosavuta, poti m'foni mwake munali mutayera. Chigubu anang'ung'udza, anatukwana mkulu wake chifukwa chodzaza foni ndi zinthu zopanda pake, zala zake zikuthamanga pa sikirini. Kenako anakuwa kuti, "Zatheka, tiyeni!"

Namzeze sanacheuke n'komwe. Maso ake anali pa wotchi ya pa sikirini.

Mapu atsopanowo anali doko lodzaza makontena. Anzawo awiri anagwa koyambirira. Chigubu anagwa pakati, akukuwa ngati amuponda chala. Anatsala Namzeze yekha, mkuntho ukumufinya mbali zonse, adani awiri akumusaka pakati pa makontena. Anabisala, anakwawa, anaponya utsi kumanja iye n'kudzera kumanzere. Woyamba anagwa asanadziwe chimene chamugunda. Wachiwiri anathawira pamwamba pa chikepe chonyamulira katundu, ndipo Namzeze anamupeza komweko.

Khonde linaphulika. Chigubu anavina mpaka mahedifoni anagwera pakhosi. Mayi woyang'anira laibulale anasuzumira pawindo n'kuwaopseza kuti azimitsa wayifayi. Namzeze anaseka mpaka misozi, ndipo pa sikirini kamunthu kake kanali katavala jekete lagolide, kakuzungulirazungulira.

Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

5. Bweza katundu wanga

Phokoso litachepa, Namzeze anamukoka Chigubu malaya.

"Bweza katundu wanga, ndizipita Amayi asanaweruke."

"Katundu uti?"

"Foda ndinakusungiza ija."

"Aa, yaikulu ija?" Chigubu anakanda m'mutu, akumwetulirabe. "Mapu aja anafuna malo, ndiye ndinaipukuta. Usadandaule, aise, undiuze mafilimu ake, mawa ndikupezera."

Namzeze anamulanda foni. Anatsegula apa, anatsegula apo. Analowa m'bini, mmene zofufutidwa zimayamba zakhala. Munali mbee.

"M'binimo ndinasesamonso," anatero Chigubu, mawu atayamba kuchepa. "Pakanapanda kutero malo sakanakwana. Kodi chavuta n'chiyani?"

"Munali bambo anga."

"Bambo ako?"

"Mavidiyo a malemu bambo anga! Onse! Kwina kulibe!"

Anyamata aja amene ankawaopa kuti amuseka, palibe ndi mmodzi yemwe anaseka. Ena anayang'ana pansi, ena anayamba kuchoka mwakachetechete.

"Nanga bwanji sunanene?" anafunsa Chigubu.

"Ndinanena! Ndinati usakhudze!"

"Ine sindinamve, Namzeze. Ndikanadziwa, fainolo ndikanaisiya. Ndikulumbira."

Ndipo ankanena zoona. Chimenechi ndiye chinamupweteka kwambiri mtsikanayo, chifukwa panalibe woti amuloze chala.

Anathamanga kubwerera kwa amalume, akuwombana ndi anthu m'njira, njinga ina n'kutsala pang'ono kumugunda. Anapeza chitseko chachitsulo cha shopu chitatsitsidwa. Mayi wogulitsa zipatso pafupi ndi masitepe anamuuza kuti amalumewo apita kukapereka foni kwa kasitomala ndipo lero sabweranso. Anawaimbira, koma foni inangoitana mpaka kuduka. Anamenya chitseko chija ndi chikhatho ngakhale ankadziwa kuti mulibe munthu.

6. Mpando wa pakona

Atafika kunyumba anazimitsa foni n'kuiika pansi pa pilo. Anatsukanso mbale zija anazisiya ndi thovu. Anasesa pabalaza, anakolopa, anapukuta mawindo amene sanawakhudzepo chiyambire chaka. Galimoto iliyonse ikaima panja, ankasuzumira pawindo.

Mayi ake anafika dzuwa likupendeka, timaulusi titamatirira pa malaya awo. Anaima pakhomo n'kuyang'ana nyumba yonse.

"Ha! Lero kwagwanji? Kukubwera alendo amene sindikuwadziwa?"

"Ayi, Amayi. Ndangokonza."

"Zikomo, mwana wanga. Ukukula tsopano."

Mawu amenewa anamulasa kuposa kukalipiridwa. Anathawira kukhitchini kukawatengera madzi akumwa.

Mayiwo anavula nsapato n'kudzitsitsa pampando wa pakona, akubuula. "Sabata ino yandiphwanya. Makina anga akhala akudula ulusi, ndipo abwana akungoloza ine. Tandipatsa foni ija, ndiwaone bambo ako, mtima ukhale pansi."

Namzeze anatulukira kuchokera kukhitchini, kapu ya madzi ili m'manja.

"Batire latha, Amayi."

"Magemu akowo! Bweretsa, tchaja ili pompano."

Panalibenso kothawira. Anapita kuchipinda, anaitulutsa pansi pa pilo, n'kubwera nayo akukoka miyendo. Mayi ake anailumikiza okha pa soketi ya pafupi ndi mpando. Sikirini inawala n'kusonyeza batire lili pakati. Iwo anayang'ana batirelo, anayang'ana mwana wawo. Anangoiyatsa.

Choyamba kutulukira chinali kamunthu ka jekete lagolide, kakuvina, malipenga akulira. Mayiwo anakakankhira kumbali ndi chala n'kupita pamene foda ija inkakhala. Anatsitsa mpaka pansi. Anakweza mpaka pamwamba. Anapukuta sikirini pa malaya awo, n'kuyang'ananso, foni ataiyandikiza kumaso.

Namzeze anali chiimire pakati pa balaza, kapu ya madzi idakali m'manja.

Mayi ake anadzutsa mutu. Sanakuwe. Anafunsa ndi mawu aang'ono amene mwanayo anali asanawamvepo.

"Mwana wanga, bambo ako wawaika kuti?"